Bondo la Colby

Darcy Hrycan anakalambira m'misewu ya chipale chofewa ya ku Saskatchewan, akuzungulira mabwalo a madzi oundana kusakira timu yaikulu ya masewero a hoke anyamata aluso. Mkazi wake anatopa nako kudikira mpaka anachoka.

Chaka chimene Colby, mwana wa mkulu wake Lorne, anafika msinkhu woti matimu angamusankhe, Darcy anapita kukamuonera akusewera. Liwiro linalipo, koma pokhotera kumanzere mnyamatayo ankanyengerera bondo.

Masewero atatha, Lorne anamupeza Darcy panja akupala chipale pa galasi la galimoto.

"Waona chiyani, iwe?"

"Bondo lija latha, Lorne."

"Ng'ombe zanga zonse zinathera mwana ameneyu. Tseka pakamwa mwezi umodzi wokha, sufa nazo."

Koma mabwana a timu atamufunsa za Colby, Darcy ananena zoona. Tsiku losankha, matimu anatchula mayina mpaka madzulo, la Colby osamveka.

Lero Colby amagwira ntchito mu mgodi, akutsimphina. Darcy anapuma ntchito ndipo amakhala yekha. Pa maliro a mayi awo, Lorne anakakhala pa benchi ina m'tchalitchi, osamuyang'ana n'komwe.