Mpendero pa Nsalu za Amalume

Fungo la nsalu yatsopano limandisowetsa mtendere. Lero ndagula yoyera pa Lizulu, ndipo njira yonse m'minibasi ndimangoona amayi ali pa makina awo osokera.

Amalume adalowa Chisilamu akugwira ntchito ku Joni, ndipo amayi, munthu wosajomba kutchalitchi, adatha zaka osawalankhula. Chaka chomwe amalume ankapita ku Maka adabwera kwathu ku Tsangano kudzapepesa abale, monga amachitira a ulendowo asananyamuke. Sitinkadziwa kuti n'komaliza kuwaona.

Katundu adalongedzera kwathu. Pamphasa adayala patapata, ambulera, lamba ndi nsalu ziwiri zoyera zopanda mpendero.

Amayi sadanene kuti akhululuka. Adangodikira amalume apite kumsika, n'kutenga nsalu zija. "Mlongo wanga akavale zoyoyoka pakati pa anthu?" adang'ung'udza motero. Adazipendera mbali zonse ndi ulusi wobiriwira, womwe ankausungira zovala za Khirisimasi.

Amalume atabwera adazigwira nthawi yaitali, akusisita msokowo ndi chala.

"Achemwali, mwasoka bwino kwambiri," adatero motsitsa mawu. "Koma kumeneko timavala zosasoka, ngati nsanda."

Amayi adanyamula nsalu zija. Adatenga lezala n'kukakhala pakhonde, pomwe pankawomba mphepo yozizira. Amalume adawatsatira, n'kugwira mbali ina ya nsalu kuti ikungike. Ine ndidaima pakhomo kudikira kuti wina alankhule. Kunkangomveka lezala likudula msoko, mphepo ikuulutsa tiulusi tobiriwira kupita kumunda wa mbatata.