Tayala Limene Ndinaphwetsa Ndekha

Ufulu utangobwera ndinali kalaliki ku Chipata, ndipo pakamwa panga sipankachoka sosholizimu. Ndinkauza aliyense kuti mawu akuti "changa" ndi matenda amene anatisiyira atsamunda.

Tsiku lina amalume anabwera kudzabwereka njinga yanga yatsopano kuti apite kumaliro ku Chipangali. Ndinalowa m'nyumba n'kuphwetsa tayala, uku ndikutsokomola kuti asamve mpweya ukutuluka.

"Tayala laphwa, amalume."

Anasuzumira pakhomo, n'kuyang'anitsitsa pampu imene inali panjinga pomwepo.

"Palibe kanthu, mphwanga. Miyendo ndiye ndili nayo yangayanga."

Anapita wapansi. Kuchokera pamenepo sanandipemphenso kanthu, ndipo abale ena analeka kubwera. Njinga ija inakhaladi yanga ndekha. Lamulungu lililonse ndinkaipukuta mpaka kuwala, koma ndinalibe kopita.