Mahari a Tayala Limodzi

Yakubu atangoikidwa m'manda, abale ake sanadikire n'komwe kuti misozi iume. Anaimika lole pakhomo ku Kawale n'kuyamba kukweza bedi, wailesi, mipando, ngakhale ndowa yosambira. Munali mu 1993.

Mkazi wa malemuyo, Elube, anali chikhalire pamkeka ndi ana ake awiri. Kwawo kunali ku Dedza, Chisilamu analowera banja, ndiye womuyankhulira akanachokera kuti? Mtima unali m'malere. Anawa adya chiyani?

Kenaka anamva kulira kwa tayala kuseri kwa nyumba. Mlamu wake, a Mwamadi, ankakankhira wilibala kulole kuja.

"Alamu, imeneyo ayi."

"Pamwambo wathu, za mchimwene ndi za abale ake. Musativute."

"Si ya achimwene anu. Ndi mahari anga."

Mahari ndi mphatso imene mwamuna amapereka kwa mkazi pomanga banja la Chisilamu. Ndi yake mkaziyo, osati ya bambo ake kapena atsibweni. Atsikana ambiri akafunsidwa mahari amene akufuna amangozyolika ndi manyazi. Koma Elube, amene anakula akusenza mbatata mpaka khosi kuuma, anatchula poyera kuti akufuna wilibala. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Woseka kwambiri anali a Mwamadi omwewa, ndipo zaka zonsezo ankamutcha Nawilibala.

"Mwaiwala dzina limene munandipatsa?" anafunsa Elube.

Amayi odzakhuza maliro anayamba kung'ung'udza. "Shuwa, tinalipo. Nafenso tinaseka."

A Mwamadi anaisiya pansi wilibala ija. Akanakana bwanji chinthu chimene anachilalika okha Kawale yense?

Zinazo zinapita ndi lole, ndipo n'zowawa kuziganizira mpaka lero. Chisilamu chimapatsa mkazi wamasiye ndi ana gawo lawo pa chuma chotsala, koma palibe anamuuza Elube.

Miyezi ya edda, imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo, inali yaitali. Elube sankakhazikika. Ankalowa, kutuluka, kuthira mafuta patayala, kulowanso. Anansi ndi amayi a kumzikiti ndiwo ankabweretsa kaufa.

Edda itatha, anauyatsa wa ku Tsabango ndi wilibala yake kukapikula kabichi ndi tomato. Msewu wafumbi, zitunda, manja matuza okhaokha. Anyamata a pamsika ankakuwa, "Mayi, ntchito ya madoda iyo!" Tsiku lina tayala linathyoka panjira, tomato yense phwanyu. Analira, n'kuisenza wilibalayo pamutu mpaka kwa wowotcherera.

M'mawa mwake anabwereranso. Osagona tulo tokwanira, osakhala pansi, chaka ndi chaka. Pofika 1998 anali ndi benchi yake mumsika wa Kawale, mawilibala angapo obwereketsa, ndi kanyumba kamalata ku Biwi. Ana sanagonenso ndi njala.

Chaka chotsatira mwana wake wamkazi, Lukiya, anapeza banja. Atafunsidwa za mahari, anazyolika n'kuyamba kunena, "Chilichonse chimene..."

Elube anamugwira dzanja. "Dzutsa mutu. Tchula, ndipo ukweze mawu. Akaseka, aseke. Woseka saiwala."

Lukiya anatchula makina osokera, anthu onse akumva.

Inu amene mukuwerenga, mwina lole yaima kale pakhomo panu. Funsani, mudziwe chimene chili chanu, ndipo muchitchule anthu akumva. Chingakhale cha tayala limodzi, chigwireni ndi manja awiri muyambe kukankha. Osataya mtima.