Nkhumba Imene Ndinaletsa Pakhomo

Ndine amene ndinaletsa nyama yofiira pakhomo pa achemwali anga ku Masasa, kumene ndimakhala pophunzira ku koleji. Bambo athu atamwalira ndi khansa ya m'matumbo, ndinawerenga zambiri, ndipo ndinawalalikira achemwali za nyemba, bonongwe ndi mapeyala kufikira atagonja. Ana awo anayamba kundiyang'ana ngati mdani.

Komatu woyamba kutopa ndinali ine. Masana aliwonse pochokera m'kalasi ndinkaima pa chiwaya, n'kudya nkhumba yokazinga mothamanga, kenako n'kutafuna gwafa kuti fungo lichoke m'kamwa.

Loweruka lina tikuchokera kumsika ndi achemwali, ine nditanyamula mtolo wa nkhwani, wachiwaya uja anakuwa: "Monire, bwana! Lero mwachedwa chomene. Yamafuta ija ndakusungirani!"

Ndinayang'ana kumbali ngati akuitana wina. Iye anatchula dzina langa.

Achemwali sanakalipe. Anandilanda mtolowo modekha, nati, "Pita ukadye, iwe. Ine ndi ana tipitiriza kusala nyama. Amene anagona pansi kuchipatala podwazika bambo ndine."

Ndinawatsatira chapatali, manja ali lende, wachiwaya akufunsabe ngati athirepo tsabola.