Mawaya a Denga la a Stafford

A Stafford Namakhwa ndi munthu woti ukawapatsa moni amayamba ayang'ana m'manja mwako. Ntchito yawo ndi yocheka matabwa ku Phiri la Zomba, ndipo thabwa lililonse amalilemba chizindikiro ndi khala asanalisenze kutsika nalo. Ine ndakhala nawo moyandikana kumtunda kwa Mtiya kuno zaka zambiri, koma mpaka lero akandibwereketsa nkhwangwa m'mawa, madzulo amabwera kudzaizonda.

Sindiwadzudzula kwenikweni. Pa banja lawo loyamba, ku Jali, anamanga nyumba ya malata pamudzi pa mkazi, monga achitira mkamwini aliyense. Chaka chomwe tinayamba kuvotera zipani zambiri banjalo linatha, ndipo alamu awo anawaperekeza pamsewu ali ndi bulangete ndi sowo basi. M'nyumba muja munalowa mwamuna wina.

Kuno anakwatira a Rute, mayi wofatsa wogulitsa mapichesi pamsewu wokwera kuphiri. Malo ndi a kwawo kwa a Rute, ndipo woyang'anira mbumba ndi mlongo wawo, a Gilson. Ana atakula, kanyumba kaudzu katachepa, a Stafford anaumba njerwa n'kuyamba kumanga.

Makoma ankakwera bwino, koma mtima wa mwini wake sunali m'malo. A Gilson akabwera kudzathandiza kuponda matope, a Stafford ankati akudzasankha chipinda. Tsiku lina a Gilson anayamikira mawindo, ndipo a Stafford anandinong'oneza kuti, "Mwamva? Akuti mawindo abwino. Abwino kwa ndani?"

Makoma atatsala pang'ono kutha, mmisiri wawo, a Amisa, anakwirira mawaya pakati pa njerwa, aja amamangira mitanda ya denga kuti mphepo isalinyamule. Mitanda itakwera, a Stafford anawakokera a Amisa pambali.

"Mawayawo musawapote ayi. Mungowakoleka."

"Achimwene, mphepo ya phiri ili mwaiiwala?" anafunsa a Amisa.

"Mungowakoleka basi. Makoma sanyamulika, amenewo ndinawasiyapo kale kwina. Koma denga ili ndi langa. Tsiku lawo lodzandithamangitsa likadzakwana, ndidzalitsitsa ndekha."

Sanadziwe kuti a Rute anali kuseri kwa khoma lomwelo, akutola zidutswa za njerwa, ndipo anamva zonse.

Mayiwa sanakalipe. Ndikanakhala ine, Mtiya yense akanadziwa. Malata atakhomedwa, a Stafford anasamutsira bedi ndi wailesi m'nyumba yatsopano, koma a Rute ndi ana anapitiriza kugona m'kanyumba kaudzu. Bambowa m'malo mofunsa mkazi wawo, anayamba kufufuza amene wamuuza zoipa. Anakayikira a Gilson, anakayikira amayi a kumpingo, nanenso sindinapulumuke.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kuunjikana paphiri, mphepo ikunjenjemeretsa malata masanasana, a Rute anabwera kuchokera kumsika ndi pulayazi yatsopano. Anaipereka kwa amuna awo ine ndili pomwepo.

"Bambo a Juliana, landirani. Tsiku lomwe mudzafune kupita, mudzadule mawaya ndi imeneyi, palibe adzakugwireni mkono. Koma ana anga sagona pansi pa denga lomwe likudikira ulendo. Ine zaka zonsezi ndimayesa ndili ndi mwamuna, osadziwa kuti ndikusunga mlendo."

Kunena zoona ndinawamvera chisoni onse awiri. A Stafford anaitembenuza pulayazi ija uku ndi uku, monga mwa chizolowezi chawo, koma choikayikira sanachipeze. Anatenga makwerero, nalowa nawo m'nyumba, nakwera. Waya aliyense anamupota okha mpaka kulimba, osaitana mmisiri, zala zikuchucha magazi, madontho oyamba akulira pamalata.

Atatsika sanakhale pansi. Anadutsa pabwalo pulayazi ili m'manja, mvula ikuwanyowetsa, nakagogoda kwa a Gilson, munthu amene anakhala akumuopa chikwatirireni.

"Alamu, sungani ichi. Ndikadzabwera kudzachipempha, musadzandipatse."

Madzulo omwewo a Rute anapinda mphasa za ana n'kulowa nazo m'nyumba yatsopano. Nkhwangwa yawo a Stafford amabwerabe kudzaizonda kwathu, koma pulayazi ija sanakaifunsepo.