Tinyali Titatu ndi Chitunda cha ku Manda

Ndinadzuka kusanache, msana uli gwaa chifukwa cha katoni imene ndinagonera. Moto wa amuna unali utatsala makala okha. Ena anali akuliza mkonono atafunda zitenje za akazi awo, ena atangokhala pa mipando ya pulasitiki mitu ili pa mawondo. M'nyumba amayi anali atatopa nako kuimba, kunkangomveka mayi mmodzi wosasa mawu amene sanalole kuti nyimbo ife. Mwera unkawomba, wozizira wolowa m'mafupa. Linali tsiku loika achimwene anga, ndipo kunena zoona, chinthu choyamba chimene ndinachita sikunali kupemphera ayi. Ndinapita kukaona galimoto.

Kwa amene si a kuno ku Nkhata Bay, galimotoyo ndiifotokoze. Inali pikapu ya malemu bambo athu, yakalekale, ya nyali zozungulira ndi bampala yachitsulo chenicheni. Ife tili ana inkanyamula usipa ndi chinangwa kupita ku Mzuzu, koma kuti ilire inkafuna kukankha. Ine ndi achimwene tinakula tikuikankha m'mawa uliwonse tisanapite kusukulu. Injini yake itafa, inakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Achimwene anali makaniko moyo wawo wonse. Atakula anaikokera pabwalo, n'kuzula injini, thanki ya mafuta ndi paipi ya utsi. M'malo mwake anaikamo mota yamagetsi imene anaitanitsa kudzera ku Tanzania, yochotsedwa m'galimoto ina yochita ngozi, n'kuilumikiza ku giyabokosi yakale ija. Mabatire anawayala pansi pa bodi, kumbuyo konyamulira katundu. Ankaitchaja ndi masola a padenga, kapena ndi magetsi a m'nyumba akakhalapo.

Ine ndayendetsa minibasi pa msewu wa Mzuzu mpaka imvi zandipeza pa chiwongolero, ndipo kwa ine galimoto yosalira inali ngati galu wosauwa. Ndinawaseka achimwene, ndinawaseka kwambiri. Ndine amene ndinaipatsa dzina loti Mzukwa, chifukwa inkakufikira kumbuyo osaimva, ndipo dzinalo linafala msika wonse. Ndikaipeza itaima ndinkaigogoda pa boneti n'kunena kuti yafa iyi. Iwo ankangoyankha kuti sinafe, yangokhala chete.

Sabata yawo yomaliza ali m'chipatala anandigwira dzanja.

"Iwe, tsiku langa undinyamule pa galimoto ija. Uyendetse ndiwe. Koma pasapezeke woikankha, ndinaikankha mokwana."

Ndinavomera. Alamu anga, mkazi wawo, anali pomwepo akusenda nthochi, ndipo anamva.

Pa deshibodi achimwene anaikapo tinyali khumi tobiriwira mondandalika, tosonyeza mphamvu imene yatsala m'mabatire. Nyumba yawo ili pamtunda, mbali ya ku Chikale. Kuti ukafike ku manda a banja lathu umatsika kaye mpaka kumsika, kenako n'kukwera chitunda china kutsidya kwa tauni. Chitunda chimenecho, galimoto itanyamula katundu, chimadya tinyali tinayi. Achimwene anayeza okha pamene ankakasiya simenti ya manda a bambo. Dzulo lake, titatha kututa nkhuni ndi mipando, tinyali toyaka tinali tisanu ndi tiwiri, ndiye ndinagona mtima uli m'malo. M'mawa umenewo nditatembenuza kiyi panayaka titatu.

Wolakwa ndinali ine ndemwe. Magetsi atazima madzulo, ine ndi matama angawa ndinakoka waya kuchokera pa soketi ya galimoto kuti tiyatse mababu atatu pabwalo. Mababu okha sakanadya kanthu. Koma waya uja anabereka usiku. Nditamutsatira ndi tochi ya pa foni ndinapeza ekisitenshoni yalumikizidwa ku inzake, inzakeyo ku inanso. Pa mphasa panali mafoni osawerengeka, kenako kiyibodi ya kwaya, kenako ketulo, ndipo kumapeto kwenikweni, kukhitchini, simbi yamagetsi. Amayi a mpingo wathu, a umanyano, anasita mabulauzi awo oyera mmodzimmodzi usiku wonse, kuti akaperekeze mwamuna wa mnzawo mwaulemu. Abale inu, munthu ungawakalipire bwanji? Simbiyo inali ikadali yotentha. Ndinazula waya n'kukakhala pa bampala, manja ali m'mutu.

Ndinadalira dzuwa, koma kunacha ndi mitambo, n'kuyamba kamvula kowaza kaja kosanyowetsa msanga koma kosasiyanso. Masola a padenga anangokhala ngati malata wamba. Magetsi nawo sanabwere. Kuseri kwa nyumba amayi anasonkha moto pa mafuwa, nkhuni zonyowa zikufuka utsi wokwawa pansi, mabeseni a ufa wa kondowole atavundikiridwa ndi mapepala a pulasitiki. Anthu anayamba kufika. Asodzi a ku Chikale ndi ku Mwaya anabwera wapansi, ena asanagone n'komwe chichokereni panyanja. Amayi a mumsika anabwera ndi mitolo ya masamba ndi timabeseni ta usipa. Amakaniko anavala maovololo ochapa, chinthu chimene sindinachionepo. Anzanga a minibasi ochokera ku Mzuzu anaimika magalimoto mondandalika m'mbali mwa msewu. Pabwalo pankamveka Chitonga, Chitumbuka ndi Chichewa mosakanikirana, ndipo aliyense wodutsa ankasuzumira mu pikapu ija. Tsiku limenelo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaitcha Mzukwa.

Msuweni wathu wina, mwini lole ku Mzuzu, ndinamuuza za tinyali tija. Anapukusa mutu.

"Ada, tisakachite manyazi pamsewu ndi maliro kumbuyo. Lole ilipo, mafuta ndathira."

Ankanena zanzeru, ndipo mtima wanga unatsala pang'ono kuvomera. Ndinalowa m'nyumba, n'kugwada pafupi ndi mphasa imene alamu anakhala, n'kuwanong'oneza zonse, za simbi zomwe. Anandiyang'ana ndi maso otupa.

"Alamu, amene munalonjeza ndinu. Ine ndinangomva nawo."

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo kuyambira sabata imeneyo wamkulu pabanja ndinali ine. Ndinatuluka n'kumuuza msuweni uja kuti lole yake inyamule okalamba.

Mwambo unachitikira pabwalo pomwepo. Tinaona nkhope, olankhula analankhula, ena motalikitsa ngati mwa masiku onse. Abusa anafupikitsa ulaliki chifukwa cha mvula. Amakaniko aja ananyamula bokosi n'kuliika mu bodi, n'kulimanga ndi chingwe. Apa ndi pamene ndinadana ndi anthu. Mwambo wathu ndi woti amayi amadzaza galimoto ya maliro mozungulira bokosi, koma ine ndinaima pa chitseko cha bodi n'kunena kuti akwere anayi okha. Azakhali ena anang'ung'udza mokweza kuti galimoto yamasiye yapeza kale mwini. Alamu anakhala kutsogolo ndi ine chifukwa bondo lawo limawavuta.

Tinanyamuka dzuwa likanakhala kuti likuoneka lili pamutu. Kwaya inali patsogolo, ife pakati, khamu pambuyo. Msewu utangoyamba kutsika, thupi langa linachita zimene lachita zaka zonsezi. Woyendetsa minibasi akafika potsetsereka, phazi limapita lokha pa kilachi, dzanja n'kuchotsa giya kuika fili, kuti apulumutse mafuta. Ndinatsika choncho mpaka kudutsa pokhota poyamba, phazi lili pa buleki, ndikudziona ngati wochenjera amene akusunga mphamvu. Alamu, osandiyang'ana n'komwe, anaika dzanja lawo pa ndodo ya giya.

"Bwezerani giya. Imadya potsika."

Manyazi anandigwira. Achimwene anandiuzapo zimenezi tsiku limodzi lokha limene ndinalola kuti andiphunzitse. Anati galimoto ikamatsika ili m'giya, matayala ndi amene amazunguza mota, ndipo mota imabweza mphamvu m'mabatire. Ukaika fili, mphamvu yonseyo umaitaya pa buleki. Tsiku limenelo ine ndinali kalikiliki kuseka. Ndinalowetsa giya yachiwiri n'kuchotsa phazi pa buleki. Galimoto inadzigwira yokha, ikutulutsa kakulira kakang'ono ngati ka udzudzu.

Ndanyamula maliro ambiri pa moyo wanga, koma nthawi zonse injini inkalira, ndipo nyimbo ndinkangoiona pa milomo ya anthu. Tsiku limenelo ndinamva mawu onse a nyimbo. Ndinamva mapazi a anthu pa msewu wonyowa, chingwe chikukhudzana ndi bokosi, ndi mayi wina mu bodi akutchula dzina la achimwene motsitsa. Misozi inatsika, ndipo sindinaipukute chifukwa manja onse anali pa chiwongolero. Zinali zowawa, komanso zinali zokoma, sindinama.

Kumsika ogulitsa anaimirira pa mabenchi awo, amuna anavula zipewa, a kabaza anazimitsa njinga zamoto. Tikudutsa pamene amayanika nsomba, kanyali kachinayi kanaphethira, n'kuzima, n'kuyakanso. Ndinawagunda alamu ndi chigongono. Anangogwedeza mutu. Koma ine ndinkadziwa kuti kachinayiko n'kosakhuta, chifukwa cha mtunda uja umene ndinautaya ndi fili wanga.

Tinayamba kukwera. Ndinaika giya yoyamba, phazi ndikuliponda pang'onopang'ono ngati pali dzira. Kachinayi kanazima tisanapite patali. Kachitatu kanazima pa mjigo. Phula litatha tinalowa msewu wa dothi lofiira, woterera ndi kamvula kaja, ndipo kachiwiri kanazima pa chigayo. Kotsala kamodziko kanasanduka kofiira. Mtengo wa mkuyu umene magalimoto amaimapo, pakhomo pa manda, ndinkauona uko, mtunda ngati bwalo la mpira. Galimoto inayamba kufooka mpaka anthu oyenda pansi ankachita kuidikira.

Pa galasi ndinaona amuna akuyandikira, akupinda malaya, manja akupita pa bodi. Ankafuna kuthandiza, anthu abwino. Ndinatulutsa mutu pa windo n'kukuwa pakati pa nyimbo.

"Chotsani manja! Musaikhudze!"

Nyimbo inaduka. Mkulu wa mpingo anandiyang'ana ngati ndaledzera, ndipo anthu anayamba kunong'onezana. Amakaniko aja ndi amene anamvetsa msanga, chifukwa ankawadziwa achimwene. Anatambasula manja n'kubweza anthu m'mbuyo. Kenako ndinamva galimoto ikupepuka. Amayi anayi a mu bodi anali akutsika okha mmodzimmodzi, popanda wowauza, mabulauzi awo osita bwino aja akudetsedwa ndi matope. Ndiyeno alamu anatsegula chitseko. Ndinati ayi, bondo lanu. Anati bondo ndi lawo, ndipo anatsika galimoto ikukwawa, amayi awiri n'kuwagwira m'mikono.

Tinatsala awiri, ine ndi achimwene, pa galimoto ya bambo athu, monga m'mawa uja tili ana, kungoti ulendo uno wokankha panalibe. Ndinawalankhula mokweza, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinati achimwene, Mzukwa wanu uyu, muuzeni. Kwaya inayambanso nyimbo motsitsa. Tayala lina linaterera, n'kugwiranso. Nthambi za mkuyu zinafika pamwamba pa boneti, kenako pamwamba pa denga. Ndinakoka handibuleki, ndipo kanyali kofiira kaja kanazima dzanja langa lisanachoke pamenepo.

Za kumanda sindinena zambiri. Okumba manda anali atakonza bwino, dothi linali lofewa. Tinawatsitsa pafupi ndi bambo, nkhata zinaikidwa, abusa anapemphera. Kamvula kanali katasiya. Anthu akubalalika, msodzi wina wachikulire anabwera pa galimoto manja ali kumbuyo, n'kundifunsa mwaulemu ngati tsopano akuloledwa kuigwira. Anthu anaseka, ngakhale azakhali ong'ung'udza aja. Anaitembenuza ndi manja, ine n'kutsika nayo ili m'giya, ndipo fili sindinamuganizirenso. Chitunda cha kunyumba inakwera mokokedwa ndi lole ya msuweni uja, amene anasangalala kuti mafuta ake sanapite pachabe. Mwini pikapu, achimwene, anali atatsika kale, ndiye panalibe mlandu.

Pofika madzulo pabwalo panali patayera. Mipando inali itasanjikizidwa pakona, pa mafuwa patatsala phulusa, ndipo achibale ochepa ogona anali m'nyumba akulankhula motsitsa. Ndinakhala pakhonde nsapato zili pambali, thupi lonse likuwawa koma mtima uli wopepuka. Mwadzidzidzi babu la pakhonde linayaka lokha. Magetsi anabwera, maliro atatha, monga mwa khalidwe lawo. Patapita kanthawi alamu anatuluka akutsimphina, atanyamula chingwe chotchajira, n'kundipatsa. Ndinachilumikiza ku galimoto n'kubwerera pakhonde. Anakhala pa mpando wa achimwene, tonse tikuyang'ana pa windo la pikapu. Panalibe chomveka chilichonse. Kenako m'katimo kanyali kamodzi kanayaka, kobiriwira.

"Nanga lero simuigogoda pa boneti?" anandifunsa. "Simukuti yafa?"

"Ayi alamu," ndinatero. "Yangokhala chete."

Tinakhalabe pakhondepo mpaka kachiwiri katayaka.