Msomali wa M'chimbudzi cha Amalume

Ndimaukumbukirabe msomali uja, wautali, wadzimbiri, wokhomedwa pakhoma la chimbudzi cha amalume ku Balaka. Chaka chimene ine ndi amayi tinachoka ku Chikweo kukakhala kwawoko nyengo yotentha, pamsomalipo pankalendewera mabuku a alembi anzawo.

Amalume nawonso anali mlembi, wa mabuku awiri amene sindinaonepo munthu akuwerenga. Buku la mnzawo likatuluka ankakhala nalo pansi pa mtengo wa mango, thukuta lili kamukamu, akutsonya pa tsamba lililonse. "Chichewa cha mu minibasi ichi!" ankatero. Za uyu ankati amalemba ngati akuthamangitsidwa ndi agalu, za uyo ankati anaba nkhani ya azungu n'kungoiveka chitenje. Akafika kumapeto ankaliboola bukulo n'kukalipachika, ife n'kumang'amba tsamba limodzilimodzi. Koma mwiniwake akabwera ankamulandira ndi manja awiri: "Achimwene, mwalemekeza mtundu wonse." Pano ndakula, alembi ndakhala nawo ambiri, ndipo ndinene poyera kuti nsanje yawo imaposa ya pamitala. Alembi anzawo a amalume onse ankaudziwa msomaliwo, kungoti panalibe woutchula.

Tsiku lina kunabwera aphunzitsi a ku Utale, bambo woonda, buluku atalimanga ndi mphira mu akakolo kuopa tcheni cha njinga. Buku lawo loyamba analilemba imvi zitamera kale, ndipo amalume anali atalilandira miyezi ingapo m'mbuyomo. Chimene anadzera chinali chimodzi, kuti amve ngati iwo ndi mlembi kapena ayi. Amalume anawayamikira ndi mawu omwe aja a masiku onse. Aphunzitsi anangogwedeza mutu, kenako anapempha kupita kuseri.

Anakhalitsako. Ndili pakhonde ndinkamva mapepala akutembenuzidwa, ntchentche zikulira pansi pa malata otentha. Atatuluka ndinawathirira madzi m'manja, ndipo nditaona nkhope yawo ndinawamvera chisoni.

"Musadandaule aphunzitsi, lanu kulibe kumeneko," ndinatero monyadira. "Lili bwinobwino pamwamba pa kabati, m'pulasitiki yake yomwe ija. Ngakhale kulitsegula sanalitsegule."

Sopo anawapulumuka m'manja n'kugwera m'dothi. Sanamutole.

"Zikomo, mwanangu," anatero motsitsa mawu.

Chakudya anakana. Anatsanzika mwaulemu, amalume akuwauzabe kuti alembe lachiwiri msanga, dziko likudikira. Njinga anangoikankha mpaka kumsewu osaikwera, mphira ija idakali mu akakolo.

Amayi anandipotokola khutu kuseri kwa khitchini osandiuza chifukwa. Ndinalira ndi ukali, poti ine ndimati ndapereka uthenga wabwino. Sindinkadziwa kuti pamsomali paja pankafika mabuku okhawo amene amalume anawawerenga mpaka tsamba lomaliza, nsanje ikuwadya. Aphunzitsi aja anapalasa njinga padzuwa lonse lija akupemphera kuti akapeze lawo litang'ambidwa.